Mpeni wa ku Chipala: Kodi Kwathu Kunali Mpeni wa Nkhondo?

Pa msika wa Ulongwe, m'dera la mfumu Kalembo, munthu atha kudutsa pakati pa anthu chikwanje chili paphewa, wina osamucheukira n'komwe. Aliyense akudziwa kuti akuchokera kudimba kapena wapita kukasadza mitengo. Koma munthu yemweyo atasolola kampeni kakuthwa uku ndi uku, kosongoka, kotuluka m'chimake chokongoletsedwa, amayi ogulitsa tomato akhoza kuyamba kukoka ana awo. Chikwanje n'chachikulu ndipo chimavulaza koposa, komabe chimene chimaopsa anthu ndi kampeniko, chifukwa maonekedwe ake amanena ntchito imene anakasulira.

Maiko ena ali nayo mipeni yosulidwira kumenyana, ndipo amainyadira. Ku Nepal kuli khukuri, mpeni wokhota umene asilikali a Gurkha anautchukitsa. Ku Oman kuli khanjar, amene chithunzi chake chili mpaka pa mbendera ya dzikolo. Ku America amakamba za mpeni wa Jim Bowie, yemwe anatchuka pa ndewu ya 1827 m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi. Angerezi pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anapatsa asilikali awo ena mpeni wopyapyala umene anaukonza ndi William Fairbairn ndi Eric Sykes. Nanga ife kuno, kumene anthu akhala akusula zitsulo kuyambira kalekale, wathu ndi uti? Ndikuona kuti mpeni wa nkhondo weniweni kwathu kuno unali mlendo, ndipo luso la osula athu linapita kwina. Wofuna kuliona lusolo asayang'ane kunsonga kwa mpeni. Ayang'ane mmene chitsulo achiumitsira pamoto ndi mmene achilowetsera mumpini.

Chitsulo si chachilendo m'chigwa cha Shire. Ku Nkope, m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, akatswiri ofukula zakale motsogozedwa ndi K. R. Robinson anapeza mbiya ndi zotsalira za anthu amene ankadziwa chitsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo. Ku Mankhamba, likulu la Kalonga kufupi ndi Mtakataka, Yusuf Juwayeyi anafukula zipangizo zachitsulo zambiri pamodzi ndi mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. David Livingstone atakwera ndi Shire mu 1859, n'kudutsa pa nyanja ya Malombe mpaka kukafika ku Nyanja ya Malawi mu Sepitembala chaka chomwecho, anadabwa ndi Amang'anja. Analemba kuti m'midzi yambiri munali ng'anjo, otentha makala ndi osula, ndipo ankapanga makasu, nkhwangwa, mikondo, mivi, singano ndi zibangili.

Ayao, amene lero ndiwo ambiri kwa Kalembo, nawo anabwera ndi mbiri yawo ya chipala. Yohanna Barnaba Abdallah, m'buku lake la Chiikala cha Wayao la mu 1919, anasimba za Achisi, fuko la osula amene ankayenda mudzi ndi mudzi kusinthanitsa makasu ndi zida zina. Malinga ndi mbiriyo, maulendo a Achisi ndiwo anatsegula njira ya malonda imene pambuyo pake inakafika kugombe, ku Kilwa ndi ku Mozambique. Tikamakamba za malonda a Ayao timafulumira kutchula minyanga ndi akapolo, koma katundu woyamba kuyenda pamutu anali khasu.

Nkhondo inalipo, ndipo yoopsa. M'zaka za m'ma 1860 mpaka m'ma 1890 chigwa chino sichinagone tulo. Mafumu a Chiyao monga Mponda, Makanjira, Kawinga ndi Liwonde anali ndi ankhondo awo, Angoni a Maseko ankatsika kuchokera kumapiri a Ntcheu ndi Dedza, ndipo kuyambira 1891 Harry Johnston, mkulu wa boma la Angerezi kuno, anabweretsa asilikali a Chisikhi ndi mizinga. Captain Cecil Maguire, amene ankatsogolera asilikaliwo, anaphedwa mu Disembala 1891 polimbana ndi anthu a Makanjira, ndipo Kawinga wa pa phiri la Chikala anagonja mu 1895. Koma tikafunsa zida zimene zinkagwira ntchito pa nkhondo zimenezi, mpeni uli kumapeto kwenikweni. Mang'anja ankadalira uta ndi mivi. Mngoni ankadalira chishango, nthungo yaifupi yobayira ndi chibonga. Myao ankadalira mfuti ya gogodera ndi wonga wochokera kugombe. Nkhwangwa yaing'ono inkayenda ndi aliyense. Wankhondo akafika pogwiritsa mpeni ndiye kuti zinthu zathina, mkondo wathyoka ndipo mdani wamugwira pakhosi.

Mpeni unkakhala m'chiuno kapena pamkono tsiku ndi tsiku: kusendera nyama, kusemera muvi, kudulira luzi, ndipo pakagwa zoopsa, kudzitetezera. Mipeni yakale ya m'chigawo cha Zambezi imene inasungidwa m'nyumba za zinthu zakale imaonetsa zimenezi. Yambiri ndi yakuthwa mbali zonse ziwiri, yooneka ngati tsamba la nsungwi, yonenepa pakati n'kumapyapyala cha m'mphepete. Ilibe chotchinga dzanja pakati pa mpini ndi chitsulo, pamene mipeni ya ku Ulaya yosulidwira kubaya imakhala nacho kuti dzanja lisatsetserekere kokuthwa. Chimake chake ankachisema ndi timatabwa tiwiri, n'kutimanga ndi waya wamkuwa kapena chikopa. Ashona a ku Zimbabwe mpeni woterewu amautcha bakatwa, ndipo wakale weniweni amausunga ngati chuma cha makolo, osati chida choyenda nacho kundewu.

Pali kanthu kena pa zitsulo zakalezi kamene maso achangu sangakaone. Ukaika mutu wa mkondo kapena mpeni woterewu pansi, umapeza kuti mbali imodzi ya msana wake ndi yotsika, inayo yokwera, ndipo ukautembenuza zimakhalanso chimodzimodzi. Wosula ankamenya theka limodzi, n'kutembenuza, n'kumenya theka linalo. Kawirikawiri theka lotsikalo ankalisiya lakuda ndi mwaye wa pamoto, linalo n'kulipala kuti liwale. Kunali kukongoletsa, inde, koma panalinso nzeru. Chitsulo cha m'ng'anjo nthawi zambiri chinkatuluka chofewa ndiponso chosafanana, pena cholimba pena chosalimba. Chitsulo chofewa chikakhala chopyapyala paliponse chimapindika. Msana wonenepa ndi kupindika pang'onoko zinkachipatsa mphamvu popanda kuwononga chitsulo chambiri, chimene chinali chodula. Kokuthwako ankakulimbitsa pokumenyamenya ndi nyundo chitazizira. Mpeni wotere unkabuntha msanga, koma unkanoleka pa mwala uliwonse wa kumtsinje ndipo ukapindika ankangouwongola.

Mpeni wodzionetsera, wovala mabwana, unafika kuno ndi amalonda a kugombe. Khanjar wa ku Oman ndi jambiya wa ku Yemen ndi mipeni yokhota, yovalidwa pamimba, ndipo mtengo wake suli pa chitsulo ayi, uli pa mpini ndi chimake chasiliva. Nkhani imeneyi inadzatikhudza mwa njira ina patapita zaka zambiri. M'zaka za m'ma 1970, amuna a ku Yemen atayamba kupeza ndalama kumaiko a mafuta, ambiri anafuna jambiya wa mpini wa nyanga ya chipembere. Msika umenewo, pamodzi ndi wa mankhwala ku Asia, unapulula zipembere zakuda mu Africa muno. Dziko la Yemen linaletsa kulowetsa nyangazo mu 1982, koma malonda ozembetsa anapitirira, ndipo ku Malawi zipembere zinatheratu. Zimene zili m'nkhalango ya Liwonde lero, tsidya lina la Shire kuchokera kwa Kalembo, ndi zochita kubweretsa: ziwiri zoyamba mu 1993 kuchokera ku South Africa, ndipo zina 17 mu 2019. Mpini wa mpeni wa munthu wa ku Yemen unasowetsa nyama kwathu kuno.

Ng'anjo zinazima pang'onopang'ono makasu a m'sitolo atafika ndi Azungu ndi Amwenye. Pofika cha m'ma 1930 kuyenga chitsulo kuchokera ku miyala kunali kutatha pafupifupi m'dziko lonse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery anachita kufunafuna nkhalamba za ku Kasungu ndi za Aphoka ku Rumphi kuti ziwaonetse mmene ntchitoyo inkayendera, pamodzi ndi mankhwala ndi miyambo yake. Koma kuyenga n'kumene kunafa. Kusula kunatsala, ndipo mgodi watsopano unapezeka: galimoto yakufa.

Apa mpamene ambiri amalakwitsa. Amaganiza kuti wosula wa lero, wotola zitsulo ku galaja, ndi wotsika pomuyerekeza ndi agogo ake a ng'anjo. Kunena zoona, chitsulo chimene ali nacho m'manja ndi chabwino kuposa chimene Mchisi aliyense anachigwirapo. Sipuling'i ya lole kapena ya minibasi imakhala ndi kaboni wokwanira, pafupifupi magawo 6 pa magawo 1,000 aliwonse, ndipo ndi yofanana kuyambira uku mpaka uko. Chitsulo chotere chimauma ukachiviika chili chofiira, chinthu chimene chitsulo chofewa sichichita. Osula khukuri ku Nepal lero nawonso amasakasaka masipuling'i a malole. Chitsulo cha tupa chimauma koposa pamenepo koma sichichedwa kuthyoka. Chitsulo chomangira nyumba, chija cha mizeremizere, ndi mwayi chabe: china chimauma, china ayi. Lata ndi zitsulo za mabedi zimangopanga mipeni yooneka ndi maso, yotha sabata imodzi.

Chipala cha kumudzi sichifuna zambiri. Kamsasa ka udzu kapena mthunzi wa mtengo, kadzenje ka makala, ndi chopemerera moto. Kale unali mvukuto wa zikopa ziwiri za mbuzi, wothira mphepo m'kachubu kadothi. Masiku ano ambiri amamanga gudumu la njinga, n'kulilumikiza ndi lamba wa mphira ku kachipupizira, mwana n'kumapukusa ndi dzanja. Posulirapo pamakhala chidutswa cha njanji kapena chitsulo cha injini chokwiriridwa theka m'dothi. Makala abwino ndi a tsanya, mtengo umene m'chigwa chino ulipo, chifukwa amayaka motentha ndipo sachedwa kupereka moto wofanana.

Yang'anani wosula akamapanga mpeni wozingira mbuzi. Amadula kachidutswa ka sipuling'i ndi chizulo chili chofiira, n'kuyamba kukatambasula. Akamamenya mbali imene idzakhale yakuthwa, chitsulo chimafutukuka mbali yomweyo, ndipo mpeni umayamba kukhotera kumsana. Wophunzira amadabwa nazo, n'kumalimbana nawo. Katswiri amaukhotetsa dala cham'kati asanayambe, kuti pomenyapo udziwongole wokha. Sasiya kokuthwako kutapyapyala kwambiri, chifukwa kukhoza kupsa kapena kung'aluka poumitsa. Akamaliza amauika pambali pa moto kuti uzizire wokha, n'kuupala ndi tupa.

Kenako pamabwera ntchito ya kanthawi kochepa imene imalekanitsa mmisiri ndi wongoyesera. Mpeni umabwerera pamoto mpaka ufiire mofanana kuyambira kumpini mpaka kunsonga. Osula ambiri amakonda kuchita zimenezi mumthunzi kapena dzuwa litapendeka, chifukwa padzuwa la Okutobala la ku Balaka chitsulo chofiira chimaoneka chakuda, ndipo ukadikira kuti uchione kufiira ndiye kuti wachipsereza. Mabuku amati kutentha kofunika ndi madigiri pafupifupi 800, ndipo chizindikiro chake n'chakuti maginito amaleka kugwira chitsulo chikafika cha pa 770. Wosula wa kumudzi alibe choyezera, ali ndi diso. Akaona mtundu umene akuufuna amauviika. M'madzi chitsulo chimauma kwambiri koma kawirikawiri chimang'aluka, ndipo kamamveka kaphokoso kakang'ono kamene wosula aliyense amakadziwa ndi kukaopa. Mu oyilo chimazizira mofatsa, ndipo sipuling'i imagwirizana ndi oyilo. Ena amaviika kokuthwa kokha, msana n'kuusiya kunja, kuti kukamwa kuume koma msana ukhale wofewa wotha kupirira kugogoda. Osula malupanga a ku Japan amafuna zomwezo akamamata dongo pamsana wa lupanga asanaliviike.

Mpeni ukangotuluka mu oyilo ndi wouma mopitirira. Utagwa pa mwala ukhoza kuduka pakati. Uyenera kubwezedwa ndi moto wochepa. Wosula amaupala kuti uwale, n'kuyandikiza msana wake ku makala, n'kumayang'ana mitundu ikuyenda pachitsulo kulowera kokuthwa. Umayamba wachikasu chotuwa, pa madigiri 200 ndi kupitirira pang'ono, kenako wofiirira, kenako wobiriwira ngati thambo cha pa 300. Mpeni wozingira ndi wosendera amauimitsa pa chikasu. Chikwanje ndi nkhwangwa, zimene zimakumana ndi mfundo za mitengo, amazilola kufika kobiriwirako. Ntchito imeneyi ndi imene osula othamangira tsiku la msika amaidumpha, chifukwa wogula sangaione ndi maso. Zotsatira zake ndi mipeni ya mitundu iwiri imene yawonongetsa dzina la chipala: wina wosaumitsa n'komwe, umene umabuntha pa chikopa cha mbuzi imodzi, ndi wina wouma mosabweza, umene umabenthuka ukagunda fupa.

Akuluakulu anati nkhwangwa ikhulupirira mpini, ndipo pa mpeni mawuwa ndi oona ndithu. Njira yakale, imene ikadalipo, ndi yosongola mchira wa chitsulo, kuutentha, n'kuubayitsa mumtengo kuti udzibowolere wokha. Ndi yachangu ndipo pa khasu ndi nkhwangwa imagwira bwino, chifukwa ukamatema chitsulo chimalowerabe m'kati. Pa mpeni si choncho. Mtengo wopserera m'kati umasanduka makala, makalawo amanyenyeka, ndipo pakapita miyezi mpeni umayamba kugwedera. Osamala amabowola kaye kabowo kakang'ono, n'kutentha pang'ono pomalizira, ndipo pakamwa pa mpini amavekapo mphete yodula ku paipi kapena amakulungapo waya kuti mtengo usang'ambike. Njira inayo ndi yosiya chitsulo chathunthu mpaka kumapeto, n'kuphatika timatabwa tiwiri uku ndi uku, n'kukhoma misomali itatu yodula n'kuiphwanya mitu. Imadya chitsulo ndi nthawi, koma mpeni wake mwana amadzalandira kwa bambo ake. Mtengo wa mpini wotamandika ndi phingo, wakuda ndi wolemera, ngakhale ukusowa chifukwa osema ziboliboli ndi ogulitsa kunja anaufuna kwambiri. Mlombwa ndi tsanya zimagwiranso ntchito. Ena amangokulunga mphira wa chubu cha njinga, ndipo ngakhale n'kosaoneka bwino, dzanja lonyowa ndi magazi a mbuzi kapena mamba a nsomba siliterereka pamenepo.

Amene amadziwa kusankha mpeni kwa Kalembo si anthu a ndewu. Ndi wozinga mbuzi ndi ng'ombe, amene malamulo a Chisilamu amamuuza kuti mpeni ukhale wakuthwa kwambiri, adule kamodzi nyama isazunzike, ndiponso asanolere pamaso pa nyamayo. Iyeyu amafuna mpeni wautali, wowongoka, wopanda pobenthuka, ndipo nsonga alibe nayo ntchito. Msodzi wa ku Malombe ndi mayi wotumbula nsomba amafuna kampeni kafupi kosongoka. Woluka mikeka ndi madengu amafuna kopyapyala kong'ambira mlaza ndi nsungwi. Ngakhale ngaliba wa ku jando anali ndi mpeni wake wosungidwa mwaulemu, mpaka pamene Edzi inachititsa azaumoyo ndi mafumu kulimbikitsa kuti mwana aliyense akhale ndi lezala lake kapena apite kuchipatala. Aliyense wa anthu amenewa akafika ku chipala amafotokoza ntchito, ndipo wosula amadziwa kutalika, kunenepa ndi mtundu wa moto woimitsirapo.

Tsono zitsulo zimene zikukhetsa magazi a anthu masiku ano zimachokera kuti? Zambiri ndi za ku fakitale. Zikwanje zimene achifwamba amathyola nazo nyumba, ndiponso zimene anyamata anayenda nazo pa magalimoto m'misewu ya Blantyre mu Julaye 2011 kuopseza ofuna kuchita zionetsero, ndi zogula m'sitolo za hadiweya. Ku Rwanda mu 1994 zikwanje zimene zinapha anthu zinali zida zaulimi za ku fakitale zoitanitsa kunja. Anyamata athu a ku Balaka, Machinga ndi Mangochi amene amapita ku Joni amaudziwa mpeni wopinda wa Okapi, umene unayamba kupangidwa ku Solingen ku Germany mu 1902 ndipo kuyambira 1988 umapangidwa ku South Africa. Ndi wotchipa, wolowa m'thumba, ndipo mbiri yake m'makomboni a kumeneko ndi ya atsotsi. Munthu wofuna kuchita chiwembu sapita kwa wosula amene amamudziwa dzina, mudzi ndi amalume ake, kukadikira masiku awiri. Malamulo a dziko lino amaletsa kuyenda ndi chida choopsa pagulu popanda chifukwa chomveka, ndipo sayang'ana kuti chinasulidwa kuti.

Sindikunena kuti chipala n'choyera. Sipuling'i yomwe ija imapanganso misampha ya mano imene opha nyama mozemba amatchera m'nkhalango, yothyola mwendo wa njati, wa mkango, ngakhale wa munthu. Bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira nkhalango ya Liwonde mu 2015, linachotsamo misampha ya waya masauzande ambirimbiri, ndipo ya mano nayonso imapezeka m'nkhalango za kuno ndi za ku Mozambique. Wosula amene amalandira oda yotere amadziwa bwino chimene akupanga. Mfuti za gogodera zimene zimagwidwabe ndi alenje ozemba nazo zimadutsa m'manja mwa amisiri.

Chimene chikufinya osula kwenikweni ndi mtengo wa zinthu. Mpeni wonyezimira wochokera ku China umagulidwa motchipa pa benchi ya msika uliwonse, suchita dzimbiri, ndipo mayi wogula sauona kuti ndi wofewa mpaka atafika nawo kunyumba. Mpeni wa sipuling'i umada, umagwira dzimbiri ukagona wonyowa, ndipo umafuna kupukutidwa ndi kupakidwa timafuta. Makala akwera, ndipo chisinthireni lamulo la nkhalango mu 2020, wootcha ndi wonyamula makala opanda chilolezo ali pa mlandu waukulu kuposa kale. Ogula zitsulo zakutha pa sikelo amasesa m'magalaja ndi m'midzi, kotero sipuling'i imene kale makaniko ankangopatsa wosula lero ili ndi mtengo pa kilo. Achinyamata ofuna ntchito ya zitsulo amathamangira kuwotcherera, kumene kuli mageti, mawindo ndi satifiketi ya TEVETA.

Wogula amene akufuna wosula wabwino apitirize ntchito ali ndi njira zoyesera pamsika pomwepo. Apemphe tupa akhwekhwereze kokuthwa: mano akamaterereka ndiye kuti chauma, akamadya mosavuta ndi chitsulo chofewa. Auyang'ane kuchokera kumpini ngati wawongoka. Agwire chitsulo ndi nsalu, apotoze mpini, amve ngati pali kugwedera. Ayang'anitsitse m'mphepete ngati muli timing'alu tonga ulusi. Kenako afunse kuti, "Bambo, munauviika m'chiyani, nanga munaubweza?" Wosula weniweni funso limeneli amalikonda ndipo amayankha motalika. Wongogula kwa ena n'kumagulitsa amangoti ndi wolimba, tengani. Mpeni umene wapambana mayeso onsewa umadula kuposa wa ku China, mwina kawiri kapena kupitirira, ndipo ozinga nyama amalipira osanenerera kwambiri.